CHIVOMEZI NDI ZINTHU ZAKALE ZA KU NKHOTAKOTA

Usiku wa pa 10 Malichi, 1989, nthaka inagwedezeka kwambiri m'boma la Salima ndi m'maboma oyandikana nalo. Anthu 9 anafa, ena pafupifupi 100 anavulala, ndipo anthu ngati 50,000 anasowa pogona chifukwa nyumba zawo zinagwa kapena kung'aluka. Kuchokera ku Salima kufika ku Nkhotakota ndi ulendo wa makilomita opitirira pang'ono 100, ndipo maboma awiriwa ali m'chigwa chimodzi, m'mbali mwa nyanja imodzi. Akuluakulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chivomezi chikadza chiononga zinthu za mitundu iwiri. Choyamba, chimene chili chachikulu koposa, ndi miyoyo ya anthu pamodzi ndi nyumba zawo. Chachiwiri ndi zinthu zakale zimene makolo anasiya, monga matchalitchi, mizikiti, manda ndi mabuku a mbiri. Nyumba yogonamo ikagwa, mwini wake aumba njerwa zina namanga ina. Koma nyumba ya zaka zoposa 100 ikagwa popanda wina amene anaiyesa ndi kuijambula, yatayika osabweranso. Nkhani ino ifotokoza kumene chivomezi chichokera, zinthu zimene zili pangozi ku Nkhotakota, mmene maiko athandizirana pa ntchito imeneyi, ndi gawo limene litsalira eni mudzi.

KODI CHIVOMEZI CHICHOKERA KUTI?

Pansi pa dothi limene anthu alima pali thanthwe lochindikala makilomita ambiri. Thanthwelo silili logwirana dziko lonse lapansi, koma lili m'zigawo zikuluzikulu zimene ziyenda pang'onopang'ono. Kum'mawa kwa Africa zigawozo zili kupatukana, ndipo nthaka ya pakati pake yatitimira ndi kupanga chigwa chachitali chochokera ku Ethiopia, kudzera ku Kenya ndi ku Tanzania, kufikira ku Malawi ndi ku Mozambique. Nyanja ya Malawi ndi madzi amene anadzaza mbali ina ya chigwacho. Nchifukwa chake nyanjayi ili yaitali makilomita ngati 580, ndiponso yakuya mamita ngati 700 cha kumpoto. Munthu wochokera ku Ntchisi kapena ku Kasungu atsika mtsetse waukulu asanafike ku Nkhotakota. Mtsetse umenewo ndiwo m'mphepete mwa chigwa.

Kupatukanaku nkochedwa zedi. M'dziko lino ndi milimita 1 kapena 2 pa chaka, ndipo chikhadabo cha munthu chikula msanga koposa pamenepo. Koma thanthwe silitamuka ngati mpira. Lipirira zaka mazana kapena zikwi, monga nsungwi youma imene munthu aipinda pang'onopang'ono, kufikira tsiku limene lithyoka mwadzidzidzi ndi kusuntha pa mng'alu wake. Kunjenjemera kumene kufalikira m'nthaka pa nthawi imeneyo ndicho chivomezi.

Anthu a ku Nkhotakota ali nawo umboni wa ming'alu yotere pafupi. Madzi otentha a ku Mawira ndi madzi a mvula amene analowa pansi kwambiri, natenthedwa ndi thanthwe la kumeneko, nabwereranso pamwamba potsata ming'alu. Akasupe otentha apezeka m'malo ambiri a m'chigwachi pa chifukwa chomwecho.

Chivomezi chisiyana ndi Napolo. Napolo ndi madzi, matope ndi miyala zotsika m'phiri mvula ikachuluka, monga zinachitika ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Chivomezi sichiyang'ana nyengo. Chidza m'dzinja kapena m'chilimwe, usana kapena usiku. Ndiponso palibe munthu, ngakhale katswiri wa dziko lililonse, amene angathe kutchula tsiku limene chidzafika. Wina akamveka kuti alengeza tsiku la chivomezi, anthu adziwe kuti imeneyo ndi mphekesera chabe.

Akatswiri ayesa mphamvu ya chivomezi ndi manambala. Nambala ikakwera ndi 1, mphamvu yake ichuluka ngati ka 32. Chotero chivomezi cha mphamvu 7 sichiposa cha 6 pang'ono pokha ai, chichiposa kutalitali.

ZIVOMEZI ZIMENE ZACHITIKA KALE

Chivomezi cha ku Salima chija chinali cha mphamvu yopitirira pang'ono 6. Patapita zaka 20, mu Disembala 2009, boma la Karonga linagwedezeka kambirimbiri kwa milungu iwiri, kuyambira pa 6 kufikira pa 20, ndipo chachikulu chinali cha mphamvu 6. Anthu 4 anafa, ambiri anavulala, ndipo nyumba zikwi zingapo zinagwa kapena kung'aluka. Maiko oyandikana nalo dziko lino aonapo zazikulu koposa izi. Mu Disembala 1910 dera la nyanja ya Rukwa ku Tanzania linagwedezeka ndi chivomezi cha mphamvu yoposa 7, ndipo mu Febuluwale 2006 cha mphamvu 7 chinachitika ku Machaze m'dziko la Mozambique.

Kumwera kwa Salima kuli mng'alu wotchedwa Bilila-Mtakataka, wa makilomita oposa 100, umene udutsa pafupi ndi mishoni ya Mua. Akatswiri ayesa kuti utasuntha wonse pa nthawi imodzi ungathe kubala chivomezi cha mphamvu yoposa 7. Mau awa sakuti chidzafika chaka chino kapena m'moyo wa amene ali kuwerenga, pakuti mng'alu wotere ukhoza kugona zaka zikwi zambiri. Koma womanga nyumba yoti ikhalitse, ndi wosunga nyumba yakale, ayenera kudziwa nthaka imene aimapo.

Ku Karonga kunaonekanso chinthu china choyenera kukumbukiridwa ndi onse okhala kunyanja. Dothi la mchenga lonyowa likagwedezeka kwambiri lifewa ngati phala, madzi ndi mchenga zitumphuka m'ming'alu, ndipo maziko a nyumba atitimira. Midzi yambiri ya ku Nkhotakota ili pa mchenga ndi pa madambo pamene madzi sali patali pansi. Mpunga ukondwera ndi malo otere, koma nyumba yolemera siikondwera nawo.

ZIMENE ZILI PANGOZI KU NKHOTAKOTA

Nkhotakota ndi mudzi wa mbiri yaikulu. Cha m'zaka za m'ma 1840 kunafika Salim bin Abdallah, Mswahili wochokera kugombe la kum'mawa kwa Africa, amene anadziwika ndi dzina la Jumbe. Iye ndi amene anamlowa m'malo anachita malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo, ndipo anthu zikwizikwi anaoloka nyanja pa zombo kuchokera pagombe limeneli kupita ku misika ya ku Kilwa ndi Zanzibar, osaonanso kwawo. M'nthawi ya a Jumbe momwemo Chisilamu chinakhazikika kuno, ndipo ulimi wa mpunga unakula. Manda a a Jumbe ndi malo a mzikiti wawo ndi mboni za zonsezi, zowawa ndi zabwino zomwe.

Dr. David Livingstone anafika m'dera lino mu 1861 ndiponso mu 1863, ndipo mbiri inena kuti pansi pa mkuyu umene lero utchedwa ndi dzina lake anakambirana ndi Jumbe za kuleka kugulitsa anthu. Malondawo sanathe pomwepo. Harry Johnston anachita pangano ndi Jumbe wa nthawi yake mu 1889, ndipo ufumu wa a Jumbe unatha patapita zaka zowerengeka. Mu 1894 amishoni a U.M.C.A., a mpingo wa Anglican, anayamba ntchito ku Nkhotakota. Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu Sepitembala 1895, anaikidwa kuno, ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints.

Mu 2011 Boma linapereka ku bungwe la UNESCO maina a malo a njira za akapolo ndi njira imene Livingstone anayenda, kuti adzaganiziridwe kulembedwa m'kaundula wa malo amene ali cholowa cha anthu a dziko lonse lapansi. Nkhotakota ali pakati pa malo amenewo. Kumeneku ndi kupereka dzina chabe, si kulembedwa kwenikweni, ndipo dziko lofuna kuti malo ake alembedwe liyenera kuonetsa kuti liwasamala. Malo a dziko lino amene analembedwa kale ndi paki ya Nyanja ya Malawi ku Cape Maclear mu 1984, zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006, ndi Phiri la Mulanje mu 2025.

Wina angafunse kuti kusunga manda a wogulitsa akapolo kupindulanji. Yankho ndi lakuti mwana wa sukulu amene waima pamalo penipeni saiwala zimene wamva. Malo akatha, nkhani isanduka nthano, ndipo nthano munthu akhoza kuikana kapena kuipotoza. Ndiponso alendo amene abwera kudzaona malowa asiya ndalama kwa ogulitsa nsomba, mpunga ndi miphika, ndi kwa achinyamata amene awalondolera.

CHIFUKWA CHAKE NYUMBA ZAKALE ZIGWA MSANGA

Chipupa cha njerwa kapena cha miyala chili ndi mphamvu yosenza katundu wochokera pamwamba, koma chifooka chikakankhidwa cham'mbali. Tsono chivomezi chikankha cham'mbali, uku ndi uku, kambiri m'kamphindi kochepa. Nyumba yakale ya nsichi ndi mbaliro yomangidwa ndi luzi igwedera ngati dengu, dothi lophoma ligwa, koma kawirikawiri mitengo iima. Nyumba ya njerwa siigwedera. Ing'aluka pangodya ndi pamazenera, zipupa zisiyana, ndipo denga ligwera m'kati.

Matchalitchi, mizikiti ndi sukulu za nthawi ya amishoni zili ndi zovuta zina zoonjezera. Zipupa zake nzazitali, chipinda chake nchachikulu chopanda zipupa za pakati zochirikiza, ndipo zambiri zinamangidwa popanda zitsulo kapena lamba wa konkire womanga zipupa zonse pamodzi. Nsanja ya belu ndi gebulo, ndiyo nsonga ya chipupa imene ifika kudenga, ndizo ziyamba kugwa.

Choopsa china ndi ukalamba wosasamalidwa. Denga lodontha liwoletsa mitanda, chiswe chidya nsonga za phaso pamene zilowa m'chipupa, madzi oima m'tsinde mwa nyumba afewetsa maziko, ndipo kamtengo komera pa manda kang'amba njerwa ndi mizu yake. Monga chifuwa chimene sichigwetsa mnyamata chikhoza kupha nkhalamba yodwala kale, chivomezi chaching'ono chikhoza kugwetsa nyumba imene yakhala zaka zambiri osaikonza.

DZIKO LIMODZI SILINGATHE LOKHA

Ming'alu ya pansi siidziwa malire a maiko, ndipo ina ili pansi pa nyanja imene Malawi, Tanzania ndi Mozambique aizungulira. Chifukwa chake ntchito yofufuza zivomezi ndi ya maiko ambiri pamodzi.

Pali makina amene amva ndi kulemba kugwedezeka kwa nthaka, ngakhale kochepa kumene munthu sakumva. M'dziko lino ayang'aniridwa ndi Dipatimenti ya Geological Survey, imene likulu lake lili ku Zomba. Chivomezi chitumiza mafunde a mitundu iwiri m'thanthwe, ena othamanga ndi ena ochedwa. Munthu akaona kung'anima kwa mphezi, nawerenga nthawi kufikira amva bingu, adziwa ngati mvula ili pafupi kapena patali. Makina achita chimodzimodzi ndi mafunde awiri aja. Koma makina amodzi anena mtunda wokha, sanena mbali imene chivomezi chachokera. Pafunika makina a malo atatu kapena ambiri otalikirana, monga a ku Zomba, a ku Lusaka ndi a ku Mbeya, kuti malo enieni adziwike. Maiko atabisirana zimene makina awo alemba, palibe limene likanadziwa bwino ming'alu yake. Nchifukwa chake mu 2005 panayamba mgwirizano wotchedwa AfricaArray, wa masukulu a ukachenjede a ku South Africa ndi ku America pamodzi ndi maiko ambiri a mu Africa, woika makina otere ndi kuphunzitsa akatswiri a mu Africa momwemo.

Mu 2015 akatswiri a ku America, a ku Malawi ndi a ku Tanzania anamiza makina pansi pa nyanja cha kumpoto kuti amve ming'alu yobisika m'madzi. Pambuyo pake akatswiri a masukulu a Bristol ndi Cardiff ku Britain, pamodzi ndi anzawo a ku Zomba ndi a masukulu a dziko lino, anayenda m'mapiri ndi m'zigwa, ndipo mu 2022 anafalitsa mapu a ming'alu yoposa 100 imene ingathe kusunthanso m'Malawi ndi m'malire mwake. A ku Bristol ndi a ku Polytechnic ya ku Blantyre, imene tsopano itchedwa MUBAS, anayesanso njerwa ndi zipupa zomangidwa monga amangira amisiri a kuno. Anapeza kuti njerwa zambiri nzofooka, ndi kuti matope kapena simenti yochepa sizigwira njerwa mokwanira.

Chitatha chivomezi cha ku Karonga, Boma pamodzi ndi Malawi Red Cross Society, UN-Habitat, World Bank ndi mabungwe ena anakonza mu 2010 buku la malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba ndi zipangizo zimene zipezeka kumudzi. Mutu umodzi susenza denga.

MAPANGANO A MAIKO NDI PHUNZIRO LA KUTALI

Pa za zinthu zakale maiko ali ndi pangano la UNESCO la mu 1972, limene Malawi analowa mu 1982. Panganolo linena kuti malo ena ndi a mtengo wapatali kwa anthu onse, kotero kuti akaonongeka maiko onse ayenera kuthandiza, ndipo lili ndi thumba la ndalama lothandizira malo olembedwa akagwa m'ngozi. Ku Rome kuli bungwe la ICCROM lophunzitsa anthu kukonza ndi kupulumutsa zinthu zakale, ndipo mu 2006 kunakhazikitsidwa African World Heritage Fund yothandiza maiko a mu Africa. Mu Malichi 2015 maiko a United Nations anasonkhana ku Sendai m'dziko la Japan, nagwirizana njira zochepetsera ngozi zogwa mwadzidzidzi kufikira 2030. M'mau a mgwirizanowo anatchula kuti malo a mbiri ndi a chipembedzo atetezedwe pamodzi ndi zipatala ndi sukulu. M'dziko lino ntchito ya ngozi zotere ili m'manja mwa dipatimenti ya DoDMA, ndipo lamulo latsopano la ntchitoyo linakhazikitsidwa mu 2023.

Zimene mapangano awa achita zioneka pa nkhani ya mzinda wa Bam m'dziko la Iran. Kumeneko kunali linga lalikulu lakalekale lomangidwa ndi zidina ndi dothi, zipangizo zomwe anthu a kuno amangira. Pa 26 Disembala, 2003, chivomezi chinapha anthu oposa 26,000 ndi kugumula mbali yaikulu ya lingalo. Mu 2004 UNESCO inalemba Bam m'kaundula wa malo amene ali pangozi, ndipo akatswiri a ku Japan, Italy, France ndi Germany anagwira ntchito ndi amisiri a ku Iran kwa zaka zambiri, kufikira mu 2013 pamene malowo anachotsedwa pa mndandanda wa pangozi. Chimene chinathandiza kwambiri ndi mapu, miyeso ndi zithunzi zimene zinatengedwa lingalo lisanagwe.

Ku Nepal, pa 25 Epulo, 2015, chivomezi chinapha anthu pafupifupi 9,000 ndi kugwetsa akachisi ambiri a m'chigwa cha Kathmandu. M'mudzi wa Patan eni ake anatola mitengo yosemedwa ya akachisi akugwa, naisunga pamalo otetezeka, ndipo pomanganso yambiri inabwezedwa m'malo mwake.

Phunziro lake ndi ili. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma afika patapita milungu kapena miyezi, ndipo sanaione nyumbayo ili chilili. Angathe kumanganso chokhacho chimene eni ake anachiyesa, kuchijambula ndi kuchisunga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

NTCHITO YA ENI MUDZI

Ntchito zotsatirazi sizilira ndalama zambiri, ndipo mafumu, akulu a mpingo, mashehe ndi aphunzitsi akhoza kuziyamba chaka chino.

1. Kuyesa ndi kujambula. Nyumba yakale iliyonse iyesedwe m'litali, m'lifupi ndi msinkhu wake, pamodzi ndi zitseko, mazenera ndi kuchindikala kwa zipupa. Ijambulidwe mbali zonse zinayi, kunja ndi m'kati, ngakhale ndi lamya ya m'manja. Ana a makalasi apamwamba angathe kuchita zimenezi pa phunziro la masamu. Zolembazo zisungidwe malo awiri kapena atatu osiyana, pakuti zosungidwa m'nyumba yomweyo zidzakwiririka nayo.

2. Kulemba zimene akuluakulu adziwa. Ndani anamanga, njerwa zinaumbidwa kuti, manda awa ndi a yani, denga linasinthidwa liti? Mafunso otere ayankhidwa ndi agogo okha, ndipo agogo sadikira.

3. Kusamala mabuku. Mabuku a ubatizo ndi a ukwati, mabuku akale a kumzikiti, makalata a ufumu ndi mabuku a sukulu aikidwe m'bokosi lachitsulo pamalo ouma, ndipo masamba ake ajambulidwe. Moto umene unatentha maofesi a Boma ku Zomba mu 1919 unaononga makalata ambiri a zaka zoyamba za Boma, ndipo sanapezekenso. A National Archives ku Zomba ndiwo alangiza za kasungidwe ka makalata akale.

4. Kuyang'anira ming'alu. Pothera mng'alu pa chipupa palembedwe kamzere ndi tsiku lake. Ngati patapita miyezi itatu mng'alu wapyola kamzereko, kapena wakula kotero kuti chala chilowa, nyumbayo ili kusuntha ndipo ifuna katswiri.

5. Kuchotsa madzi, chiswe ndi mizu. Denga likadontha likonzedwe mvula isanadze, ngalande zikumbidwe kuti madzi asaime m'tsinde mwa chipupa, ndipo timitengo tomera pa zipupa ndi pa manda tizulidwe tikali tating'ono.

6. Kusathamangira simenti. Chipupa chakale chomangidwa ndi laimu kapena dothi chikamatidwa simenti, chinyezi chitsekeredwa m'kati ndipo njerwa zifumbutuka. Chikonzedwe ndi zipangizo zofanana ndi zoyamba. Lamulo la Monuments and Relics Act liletsa kugumula kapena kusintha malo otetezedwa popanda chilolezo cha Boma. Ofuna kukonza malo otere ayambe afunsa a Dipatimenti ya Museums and Monuments kudzera kwa Bwanamkubwa wa boma.

7. Chivomezi chikachitika, anthu ndiwo oyamba kupulumutsidwa. Pambuyo pake nyumba yakale yoonongeka itchingidwe ndi mpanda, ijambulidwe mmene yagwera, ndipo pasakhale wotuta njerwa, mitengo, belu kapena zitseko zake. Mfumu idziwitse Bwanamkubwa msanga.

Ku Nkhotakota Akhristu ndi Asilamu akhala pamodzi zaka zoposa 100, ndipo ambiri ndi abale a mimba imodzi. Nkoyenera kuti komiti ya m'mudzi yoona za ngozi ikhale ndi mndandanda umodzi wa malo onse akale, osasiyanitsa tchalitchi, mzikiti kapena manda a mafumu.

NYUMBA ZATSOPANO NDI TSIKU LA CHIVOMEZI

Anthu ambiri amene afa pa chivomezi aphedwa ndi nyumba zawo zomwe. Chotero womanga nyumba asankhe malo ouma ndi olimba, akumbe maziko okwanira, ndipo zipupa za kunja zikhale za njerwa ziwiri m'lifupi, osati mzere umodzi wopyapyala. Njerwa zilumane bwino pangodya, ndipo zinyowetsedwe zisanaikidwe pa simenti. Zitseko ndi mazenera zisakule kwambiri, ndiponso zisayandikire ngodya. Pamwamba pa mazenera pazungulire lamba wa konkire ndi zitsulo, kapena wa matabwa olumikizidwa bwino, womanga zipupa zonse ngati mkombero wa lichero. Denga limangiriridwe ku zipupa ndi waya. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi liposa la gebulo wamtali wa njerwa. Simenti ikakhala yochepa, nkwabwino kumanga nyumba yaing'ono yolimba kusiyana ndi yaikulu yofooka.

Nthaka ikayamba kugwedezeka, amene ali pafupi ndi khomo atuluke apite pabwalo, kutali ndi zipupa ndi nthambo za magetsi. Amene ali kutali ndi khomo alowe pansi pa tebulo kapena bedi lolimba, nateteze mutu. Ana a sukulu abisale pansi pa madesiki, ndipo kugwedezeka kukaleka atuluke pamzere osakankhana. Aphunzitsi ayese zimenezi ndi ana kamodzi pa teremu kuti zizolowereke. Moto wa m'nyumba uzimitsidwe. Kawirikawiri chivomezi chachikulu chitsatidwa ndi zina kwa masiku kapena milungu, monga zinachitika ku Karonga, kotero munthu asagone m'nyumba yong'aluka kufikira wodziwa za zomanga ataiona.

Akatswiri a maiko ambiri ali kuchita mbali yawo, ndipo mapu a ming'alu ndi malangizo a kamangidwe alipo tsopano. Kuyesa tchalitchi, kujambula manda a a Jumbe, kulemba mau a agogo ndi kukumba ngalande ndi ntchito ya anthu a ku Nkhotakota eni ake, ndipo iyenera kuchitika nthaka ikali chete. Mafumu apemphedwa kukamba nkhani imeneyi pabwalo, ndipo amene adziwa kuwerenga awerengere anzawo amene sadziwa.